Pulogalamu sinawonongeke, inu ndiye simunaiuze zokwanira

Ndatopa kumva ophunzira akudandaula kuti pulogalamu ya masamu yawonongeka chifukwa alemba sqrt(x^2), kutanthauza sikweya ruti ya x yochulukitsidwa ndi x, ndipo sinawapatse x. Ikani -3 pamalo pa x. Mukachulukitsa -3 ndi -3 mupeza 9, ndipo sqrt ya 9 (nambala yosatsika pansi pa ziro imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 9) ndi 3, osati -3. Ndiye ikupatseni x bwanji, inu musanaiuze kuti x ndi nambala yotani? Mapulogalamu a masamu a Mathematica ndi SymPy amangoisiya sqrt(x^2) momwe mwalembera. Pulogalamu ina ya Maxima, mdzukulu wa Macsyma imene idayambika ku yunivesite ya MIT mu 1968, imabweza abs(x), kutanthauza x yopanda chizindikiro cha kuchotsera, poti iyo imatenga x ngati nambala wamba yosakhala complex (yokhala ndi sqrt ya -1).

Pali zina zimene mapulogalamuwa amachita okha osafunsa. x + x imasanduka 2x, x - x imasanduka ziro. Koma (x + 1)^100 saitambasula, ndipo amachita bwino, chifukwa mukanalandira zidutswa 101 zodzaza sikirini yonse. Chofupika ndi chiti, chotambasula kapena chomangidwa? Zimatengera chimene mukufuna kuchita nacho. Ngakhale mapulogalamuwo sagwirizana: SymPy imasandutsa 2*(x + 1) kukhala 2*x + 2 yokha, pamene Mathematica imasiya. Komanso mu 1968 katswiri wa masamu Daniel Richardson adatsimikiza kuti pa masamu ena okhala ndi sin, exp ndi abs, palibe njira imodzi yodziwira nthawi zonse ngati chinthu chili ziro.

Chimene chimandiwawabe ndi wophunzira wina amene ndinkamuyang'anira. Adawerenga pa intaneti kuti akangolemba lamulo la PowerExpand, Mathematica imupatsa x yake. Idamupatsadi. Chimene omulangizawo sanamuuze n'chakuti lamulolo limangoganiza kuti x ndi yoposa ziro, pamene mu ntchito yake x inkatsika pansi pa ziro. Chizindikiro cha kuchotsera chidasowa pa tsamba loyamba, ndipo adamanga masamu a milungu ingapo pa maziko amenewo. Adabwera kwa ine mochedwa, manambala atakana kugwirizana ndi zoyesa zake, ndipo tidayambiranso pachiyambi.

Musamvere aliyense wokuuzani kuti lembani force=True (lamulo lokakamiza kufupikitsa) mu SymPy kuti "zikonzeke" asanakufunseni za x yanu. Ngati ndi yoposa ziro, nenani poyamba ndi positive=True. Samalaninso ndi x/x: imeneyi mapulogalamuwa amaisandutsa 1 mwakachetechete, osakuchenjezani kuti pa x = 0 kugawako kulibe tanthauzo.