Mbiri ya nthaka ndi madzi pansi pa mahotela a Palm Springs

Munthu amene akufuna kukapuma ku Palm Springs m'miyezi ya Malichi ndi Epulo amayenera kusungitsa chipinda kudakali nthawi, chifukwa imeneyi ndiyo nyengo imene mitengo ya zipinda imakwera kwambiri. Mzindawu uli m'chipululu cha kumwera kwa California, m'dziko la America, m'chigwa cha Coachella, pafupifupi makilomita 170 kum'mawa kwa Los Angeles. Alendo amakhamukirako chisanu chikamatha koma dzuwa lisanayambe kuwamba, ndipo amapeza mpikisano wa tenisi ku Indian Wells mu Malichi ndi chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku Indio mu Epulo. Ikafika Julayi chigwacho chimasanduka ng'anjo, moti mu 2024 kutentha kunafika madigiri 51. Chimene alendo ambiri sadziwa n'chakuti hotela imene asankha ikhoza kukhala pa nthaka ya lendi, ndipo eni nthakayo ndi anthu amene anali pamalopo mzinda usanabadwe.

Anthuwo ndi a mtundu wa Cahuilla, a fuko limene lero limatchedwa Agua Caliente. Anakhala zaka mazanamazana pafupi ndi kasupe wa madzi otentha amene iwo amamutcha Séc-he, ndiponso m'zigwa za migwalangwa m'tsinde mwa phiri la San Jacinto. M'zaka za m'ma 1870, pamene njanji ya Southern Pacific inkadutsa m'chipululumo, boma la America linagawa dziko m'zidutswa za mailo imodzi m'litali ndi m'lifupi. Zidutswa za manambala osagawika ndi 2 zinapita kwa kampani ya njanji, ndipo zina mwa zotsalazo zinasungidwira a Agua Caliente mwa malamulo a Pulezidenti Ulysses S. Grant mu 1876 ndi Rutherford B. Hayes mu 1877. Pamapu, dera lonselo linaoneka ngati thabwa losewerapo tchesi, ndipo mpaka lero munthu angathe kuwoloka msewu umodzi n'kuchoka pa nthaka yogula kulowa pa nthaka ya fuko osazindikira n'komwe.

Oyamba kubwera kudzagona kuno sanali olemera ofuna chisangalalo, koma odwala. Madokotala a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mpweya wouma wa m'chipululu umathandiza odwala chifuwa chachikulu, choncho mu 1909 Nellie Coffman ndi mwamuna wake, yemwe anali dokotala, anatsegula Desert Inn, imene poyamba inali nyumba yaing'ono ndi matenti osungiramo odwala. Mayiyu anaona msanga kuti ndalama zenizeni zili kwa anthu athanzi othawa chisanu, ndipo pang'onopang'ono anasandutsa malowo hotela yapamwamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunatsegulidwa hotela ya El Mirador, kenaka mu 1934 akatswiri awiri a mafilimu, Charles Farrell ndi Ralph Bellamy, anayambitsa malo osewerera tenisi otchedwa Racquet Club. Anthu otchuka a ku Hollywood anapeza malo apafupi obisalako, ndipo mu 1938 Palm Springs unakhala mzinda wodzilamulira. Nyumba zazifupi za magalasi aakulu ndi madziwe osambiramo, zimene alendo amadzaona pa chikondwerero cha kamangidwe ka nyumba cha Modernism Week mu Febuluwale, zambiri zinamangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Chuma chonsechi chinkamera pa zidutswa zogula zokha. Lamulo silinkalola kuti nthaka ya fuko ibwerekedwe kwa zaka zambiri, ndipo palibe amene akanamanga hotela pamalo amene angachotsedwepo patapita zaka zisanu. N'chifukwa chake chidutswa cha fuko chotchedwa Section 14, chimene chili pakati penipeni pa mzinda, chinakhala mudzi wa anthu osauka. Anthu akuda ndi ochokera ku Mexico, amene ankaphika, kuchapa, kumanga ndi kusamalira kapinga m'mahotela, sankaloledwa kugula kapena kuchita lendi nyumba m'madera ambiri a azungu, motero anamanga tinyumba tawo pamenepo. Ankayala mabedi a alendo masana n'kukagona kumalo kumene misewu inali yafumbi.

Zinthu zinasintha mu 1959, pamene boma linavomereza lendi ya zaka 99 pa nthaka ya Agua Caliente, pambuyo pa khama la komiti ya fukolo, imene m'zaka zimenezo inali ya amayi okhaokha motsogozedwa ndi Vyola Ortner. Kwa eni nthaka ichi chinali chipambano chachikulu, ndipo posakhalitsa pa kasupe uja panamangidwa malo osambira ndi hotela. Kwa okhala ku Section 14 chinali tsoka, pakuti nthaka imene dzulo inali yosafunika tsopano inasanduka golide. M'zaka zotsatira mabanja anathamangitsidwa, nyumba zawo zinagwetsedwa ndi kutenthedwa, ndipo mzinda womwe, pamodzi ndi ozimitsa moto ake, unatengapo mbali pa ntchitoyo. Ena anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza phulusa lokhalokha. Lipoti la ofesi ya loya wamkulu wa boma la California la mu 1968 linadzudzula mzindawu ndi mawu aukali, komabe kupepesa kunachedwa mpaka 2021, ndipo chipukuta misozi cha madola pafupifupi 5.9 miliyoni chinavomerezedwa ndi khonsolo mu Novembala 2024. Kwa ine, ndalamayi ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa malowo lero, makamaka tikakumbukira kuti ambiri mwa ovutikawo anamwalira asanailandire.

Mkangano wina unabuka pa madzi a pansi pa kapinga wobiriwira. Chigwachi chili ndi mabwalo a gofu oposa 100, ndipo gawo lalikulu la madzi ake limapopedwa pansi pa nthaka, kumene kuyambira mu 1973 amathirako madzi ochokera ku mtsinje wa Colorado pofuna kubwezeretsa opunguka. Mu 2013 a Agua Caliente anasumira mabungwe awiri oyang'anira madzi, ponena kuti akupopa mopyola muyeso ndiponso akulowetsa madzi amchere wambiri osawayeretsa. Mu 2017 bwalo la apilo linagamula kuti fukolo lili ndi ufulu pa madzi a pansi pa nthaka yake, ndipo bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linakana kumvanso mlanduwo. Kasupe wa Séc-he ali m'manja mwa eni ake, amene mu 2023 anatsegulapo malo atsopano osambira ndi nyumba yosungiramo mbiri yawo, mu Section 14 yomwe ija.