Namwino wochita kafukufuku si namapopa

Kuno ku Mchinji, namwino akangofika pamudzi ndi mapepala ndi timabotolo, manong'onong'o amayamba: akuti magaziwo akukagulitsa kunja, ndipo ukadinda chala ndiye kuti wadzigulitsa. Limeneli ndi bodza, ndipo bodza lomweli la anamapopa linaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017.

Magazi amene amatenga nthawi zambiri ndi kasupuni kamodzi kapena tiwiri, pomwe munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5. Pakabotolopo amalemba nambala, osati dzina, kuti aneba asadziwe za matenda anu.

Kafukufuku sangoyamba chisawawa. Amayamba waunikidwa ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee ya Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC, komiti younika kafukufuku ya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS).

Koma chimene ndimafunitsitsa kuti amayi akusikelo amvetse ndi chikalata chovomereza kulowa m'kafukufuku, chija mumasainapo kapena kudindapo chala. Namwino ayenera kukufotokozerani m'Chichewa, pali mboni ngati simutha kuwerenga. Mukhoza kukana ngakhale amfumu atavomera kale. Mukhozanso kusiyira panjira mutadinda kale, ndipo mwana wanu adzalandirabe katemera ndi mankhwala monga mwa masiku onse. Pepala lina amakusiyirani kuti musunge. Mukakayika, imbani nambala ya komiti imene ili pamenepo.