Chifukwa chake msewu umatsekedwa khamu lisanafike

Woyendetsa galimoto akapeza zitsulo zitapingasa msewu, wapolisi n'kumulozera njira ina yolambalala, kawirikawiri amangoganiza kuti kukudutsa akuluakulu. Ife amene ntchito yathu ndi yokonza kayendedwe ka anthu ndi magalimoto m'mizinda timamva dandaulo limeneli nthawi zonse, ndipo sitiliderera, pakuti kutseka msewu kumachedwetsadi wopita kuntchito ndiponso kumadula malonda a munthu wa golosale. Komabe pamene anthu masauzande akhamukira malo amodzi, msewu ndiwo malo okhawo aakulu amene mzinda ungawabwereke kwa maola angapo, ndipo kuwamana malowo kwaphetsapo anthu.

Zimene zinachitika ku Itaewon, mumzinda wa Seoul ku South Korea, usiku wa pa 29 October 2022 zimaonetsa bwino nkhaniyi. Anthu pafupifupi 100,000, ambiri mwa iwo achinyamata, anapita kuderali kukasangalala pa chikondwerero cha Halloween, choyamba kuchitika momasuka chichotsereni ziletso za Covid-19. Pambali pa Hamilton Hotel pali kanjira kotsetsereka, kosapitirira mamita 4 mulifupi, kolumikiza msewu waukulu ndi khwalala la malo odyera ndi omwera kumtunda. Kumunsi kwa kanjirako kuli khomo la siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka. Otsika sitima ankakwera mtunda, ochokera kumalo omwera ankatsika, ndipo magulu awiriwo ankagundana pakati. Kumunsiko kunalibe kothawira, chifukwa mumsewu waukulu magalimoto ankayendabe, motero anthu anangounjikana m'mphepete. Foni yoyamba yochenjeza apolisi kuti anthu angathe kufa inaimbidwa nthawi ya 6:34 madzulo, koma ngozi inadzachitika patapita maola oposa atatu, itangodutsa 10 koloko. Anthu 159 anataya miyoyo.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti milungu iwiri m'mbuyomo, m'dera lomwelo munachitika chikondwerero china chachikulu, ndipo msewu waukulu uja unatsekedwa kuti anthu ayendemo. Kusiyana kwake kunali kwakuti chikondwerero chimenecho chinali ndi eni ake okonza, pamene Halloween inalibe mwini, ndipo akuluakulu a mzinda ndi apolisi aliyense ankayang'ana mnzake. Usiku wa ngozi m'deralo munali apolisi 137 okha.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti pa ngozi zoterezi anthu amafa chifukwa chothamanga ndi mantha n'kupondana. Nthawi zambiri sizitero ayi. Tiyerekeze malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ocheperako poyerekeza ndi mphasa. Mukaimapo anthu awiri, aliyense amatembenuka momasuka. Mukafika anayi kapena asanu, mapewa amakhudzana ndipo kuyenda kumavuta. Kupitirira asanu ndi mmodzi, munthu sasankhanso kolowera. Khamu limagwedezeka ngati madzi m'ndowa, mapazi amatha kunyamuka pansi, ndipo chifuwa chikapanikizika mpweya wotuluka subwereranso. Ambiri amabanika ali chiimire, osagwa n'komwe. Amene ali kumbuyo saona chilichonse cha zimenezi, amangosuntha pang'onopang'ono poganiza kuti kutsogolo kukuyenda, nchifukwa chake kuwakalipira kuti asakankhane sikuthandiza.

Mankhwala ake ndi malo, ndipo masamu ake si ovuta. Msewu wa mizere inayi ya magalimoto umakhala pafupifupi mamita 14 mulifupi, choncho chigawo cha mamita 100 chokha chingasunge anthu 2,800 ataima awiriawiri pa mita iliyonse. Panjira yosalala, mpata wa mita imodzi umadutsitsa anthu pafupifupi 80 pa mphindi, koma pokhapokha onse akulowera kumodzi; akayamba kukumana, chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Ichi n'chifukwa chake dongosolo labwino silithera pa kuchotsa magalimoto. Limagawa makwalala, ena olowera ndi ena otulukira, ndipo limachepetsa anthu kuchokera komwe akutumphukira. Pa chikondwerero cha m'misewu cha Notting Hill Carnival ku London, chimene chimachitika kumapeto kwa August chaka chilichonse, siteshoni zina za sitima zapafupi zimatsekedwa ndipo zina zimaloledwa kutulutsa anthu okha kwa maola ena, kuti khamu limwazikane poyenda wapansi. Ku Seoul sitima zinapitiriza kutsitsa anthu pakhomo penipeni pa kanjira kaja.

Koma chotchinga ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ku Duisburg m'dziko la Germany, pa chikondwerero cha nyimbo cha Love Parade mu July 2010, anthu 21 anafa chifukwa njira imodzi yodutsa pansi pa nthaka ndiyo inali yolowera ndi yotulukira yomwe. Kwathu kuno sitinaiwale za pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene zipata zinachedwa kutsekulidwa kwa maola angapo pa tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu n'kuunjikana panja, ndipo asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anamwalira. Chitsulo choikidwa patsogolo pa khamu lomwe likukulirakulira chimasanduka khoma lofinyirapo anthu. Malo ake oyenera ndi kutali, pamphambano pamene anthu akadali omwazikana, pamene wobwezedwa ali ndi kokhotera.

Palinso zina zimene wokonza dongosolo sayenera kuziphonya. Mpata wa ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto uyenera kukhala wotseguka kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo usasanduke poimika magalimoto a alendo olemekezeka, monga zimachitikira kawirikawiri. Mu Blantyre nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa msewu wa Masauko Chipembere, umene umadutsa pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndi womwewonso umapita kuchipatala cha Queen Elizabeth. Ma minibasi ndi akabaza ayenera kupatsidwa malo ena otsitsira ndi kukwezera anthu, apo ayi adzadzipangira siteji pachotchinga pomwepo, pamene pafunika kukhala poyera. Ogulitsa chimanga chootcha ndi zakumwa asathamangitsidwe, koma asonyezedwe malo otambalala, kutali ndi pakamwa pa tinjira. Ndipo chidziwitso chiperekedwe pa wailesi masiku angapo zisanachitike, chotchula misewu ndi maola ake, kuti wodwala ndi wamalonda akonzekere.

Nthawi yotsekulanso msewu ndiyo imalakwika kwambiri. Anthu amafika pamsonkhano kapena pampira pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi, koma amachoka onse pamodzi m'mphindi zochepa, mwina kukuda kale, ena atalawako. Apolisi otopa amafuna kuchotsa zitsulo wosewera mpira womaliza akangotuluka m'bwalo, pamene oyendetsa magalimoto nawonso akuliza mahutala. Pa dongosolo lililonse limene ndimathandiza kulemba ndimaumirira kuti ola lotsekulira lisalembedwe ngati lamulo, koma pakhale munthu mmodzi wodziwika, woima pamalo okwera pomwe akuona msewu wonse, amene adzalamule kuti zitsulo zichotsedwe akaona kuti oyenda pansi akukwana m'mphepete mwa msewu.