Rowland Hill, mphunzitsi amene anatsitsa mtengo wa kalata

Ife ogwira ntchito ya makalata timafunsidwa kawirikawiri chifukwa chake kalata yopita tauni yoyandikana nayo ndi yopita kumalire a dziko zimalipiridwa mofanana. Nzeru imeneyi inachokera kwa Rowland Hill, Mngelezi wobadwira ku Kidderminster mu 1795, yemwe poyamba anali mphunzitsi pasukulu ya bambo ake.

Masiku amenewo mtengo unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo nthawi zambiri wolipira anali wolandira. Kalata ya pepala limodzi yochokera ku London kupita ku Edinburgh inkadya sheleni ndi kenakake pamwamba, ndalama yoti waganyu sakanangoitulutsa. Amphawi anapeza njira yawo: wotumiza ankaika kachizindikiro kunja kwa kalata, wolandira n'kungoyang'ana, uthenga waumva, kalata n'kuibweza osalipira.

Hill anakhala pansi n'kuwerengetsa, ndipo mu 1837 anatulutsa kabuku ka zomwe anapeza. Kunyamula kalata imodzi ulendo wonse wa ku Edinburgh kunkadya kachigawo kamodzi mwa magawo 36 a penny (ma penny 12 ndiwo ankapanga sheleni imodzi). Ndalama zinkathera muofesi. Kalaliki ankaunika kalata iliyonse pa kandulo kuti aone ngati muli pepala lachiwiri, n'kulemba mtengo wake m'buku. Wopereka makalata naye ankaima pakhomo kudikira kuti mwininyumba asakesake ndalama. Kalata ikalipiridwa isananyamuke, pamtengo umodzi wotengera kulemera, ntchito yonseyo imatha. Mpaka lero, chodula pa makalata ndi manja amene amawagwira, osati makilomita.

Mtengo wa penny imodzi pa kalata yosapitirira theka la aunsi (pafupifupi magalamu 14) unayamba pa 10 January 1840. Sitampa yoyamba yomata, Penny Black, yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria, inayamba kugwira ntchito pa 6 May. Makalata anachoka pa 76 miliyoni mu 1839 kufika pafupifupi 169 miliyoni mu 1840.

Pa phindu, Hill analonjeza mopitirira. Ndalama zotsalira boma zinatsika kwambiri ndipo zinatenga zaka zambiri kuti zibwerere mwakale. Mu 1842 boma la nduna yaikulu Robert Peel linamuchotsa pa ntchito imene anapatsidwa yoyendetsa ndondomekoyi. Anabwerera mu 1846, koma kwa zaka 8 ankangokokana ndi William Maberly, mkulu wa positi ofesi amene sanaikonde ndondomekoyi kuyambira pachiyambi. Kunena zoona, Hill nayenso sanali munthu wophweka kugwira naye ntchito: wouma mutu, wosachedwa kuona adani. Mpando wa Maberly anautenga mu 1854, n'kupuma mu 1864. Anamwalira mu 1879 ndipo anaikidwa ku Westminster Abbey, tchalitchi chotchuka cha ku London.

Popeza Britain ndiyo inayamba, masitampa ake mpaka lero salembedwa dzina la dziko. Mutu wa mfumu umakwanira.