"Yatha zaka 30 osagwa" si umboni woti ndi yolimba

Ine ngati injiniya mawu amenewa, amene anthu amanena za mapulatifomu okumbirapo mafuta pa nyanja, ndatopa nawo. Chitsulo chimatopa abale. Funde lililonse likamenya mwendo wa pulatifomu ya mafuta limaupinda pang'ono n'kuusiya, usana ndi usiku kwa zaka zonsezo, monga muja mumapindira waya uku ndi uku mpaka kuduka, ndipo kamng'alu kamayambira pamene anawotcherera paja, pansi pa madzi, poti maso safika. Mapulatifomu ambiri anawapanga kuti agwire ntchito zaka 20 kapena 25 basi, koma poti mafuta akutulukabe eni ake safuna kuwatseka, m'malo mwake akuwonjezera makina pamwamba kulemera kukuchuluka miyendo ndi yomwe ija.

Imene imandiwawabe mumtima ndi ngozi ya pulatifomu ya Alexander L. Kielland, ku Ekofisk, dera lokumbako mafuta m'nyanja ya North Sea mbali ya Norway, pa 27 Malichi 1980. Munali anthu 212, anafa 123. Chinayambitsa ndi chani? Kawedingi ka mamilimita 6 kogwirizira kachida komvera phokoso la m'madzi pa chitsulo chimodzi chochirikiza mwendo. Mng'alu unakula mwakachetechete, chitsulocho chinaduka, zinzake n'kutsatira, mwendo wonse unathothoka ndipo pa mphindi pafupifupi 20 pulatifomu inali itagudubuzika. Ofufuza anapeza penti mkati mwa mng'aluwo, kutanthauza kuti unalipo kuyambira ku fakitale. Ndipo inali ndi zaka zinayi zokha! Nanga ya zaka 40 mukuganiza ili bwanji?

Dzimbiri limadya kwambiri pamene madzi amakwera n'kutsika, ma anode, zidutswa zimene amamatako kuti zizidyeka m'malo mwa chitsulocho, amatha, nkhono zomata miyendo zimaikulitsa ndiye mafunde amakankha ndi mphamvu yoposa kale. Ngakhale pansi pa nyanja pamatitimira, ku Ekofisk komweko mu 1987 anachita kukweza mapulatifomu ndi mamita 6.

Ndiye chonde musamakhulupirire munthu amene wazungulira pamwamba ndi tochi n'kusaina satifiketi kuti zonse zili bwino, ameneyo akugulitsa siginecha. Kuyendera kwenikweni ndi kutsitsa ROV (kamakina ka kamera koyenda pansi pa madzi kopanda munthu) kapena ma diver, kupala nkhono pa wedingi, kuyeza makulidwe a chitsulo ndi ultrasound (makina oyeza ndi mafunde a phokoso), kuona ngati mapaipi a chimango alowa madzi, kenako kuwerengera mwatsopano mphamvu ya miyendo ndi kulemera kwa lero osati kwa pa pulani yakale. Ndipo lipoti likanena kuti pali mng'alu, zoti "tikonza pa shutdown ya chaka cha mawa", tikadzaimitsa ntchito, ndimakana kusaina, chifukwa mng'alu ukamatalika umathamanganso kwambiri, ndipo pamwambapo pakugona anthu.