Mvula ikadula kanema, musakwere padenga

Mvula ikangoyamba mu Novembala, foni yanga siipuma. "Amisiri, bwerani, dishi yawonongeka, mpira wathera panjira!" Ena poimba foniyo amakhala atakwera kale padenga ndi sipanala n'kuipotoza dishi uku ndi uku. Zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri dishiyo inali bwinobwino mpaka pamene anaigwira.

Dishi yanu imayang'ana setilaiti imene ili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa equator. Setilaitiyo siinaime ayi. Ikuthamanga pafupifupi makilomita 11,000 pa ola, koma imamaliza kuzungulira dziko m'maola 23 ndi mphindi 56, nthawi yomweyo imene dziko nalo limatenga kuti litembenuke kamodzi. Zili ngati maminibasi awiri akuthamanga mofanana mbali ndi mbali: mukasuzumira pawindo, wa mu inayo amaoneka ngati wangokhala phee. Arthur C. Clarke, wolemba mabuku wa ku Britain, analemba za njira imeneyi mu 1945, ndipo pofika 1964 setilaiti ya Syncom 3 inkatumiza zithunzi za masewera a Olympic kuchokera ku Tokyo kupita ku America.

Setilaiti iliyonse ili ndi malo ake pamzerepo. Za kampani ya Eutelsat zimene zimanyamula DStv m'mayiko ambiri a mu Africa zili pa madigiri 36 kum'mawa, ndipo poti Lilongwe ali cha pa 34, dishi yake imaloza kumpoto, m'mwamba ndithu. Intelsat 20, yomwe anaitumiza mu 2012 kuchokera ku Kourou, ku South America, ili pa madigiri 68.5, pamwamba pa nyanja ya Indian, choncho yake imaloza chakum'mawa. N'chifukwa chake madishi a nyumba zoyandikana nthawi zina sayang'ana kumodzi.

Tsono taganizirani mtunda wonsewo. Siginolo ikamafika padenga panu imakhala yofooka kwambiri, ndipo ntchito ya mbale ija ndi kuisonkhanitsa n'kuiponyera pa kachipangizo kali kutsogolo kaja, kotchedwa LNB, komwe kamaikweza mphamvu n'kuitsitsa pawaya kupita ku dikoda. Mukasuntha mbaleyo ndi madigiri awiri kapena atatu okha, mwaiphonya setilaiti. Ine pochuna ndimaikankha pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, maso ali pa mita yoyezera siginolo, ndipo ngakhale pomanga mabawuti ndimamanga mosinthanasinthana kuti isapendekeke.

Nanga mvula imalowa bwanji? Mafunde amene masetilaitiwa amagwiritsa ntchito, a Ku band, ndi aafupi kwambiri, pafupifupi masentimita awiri ndi theka. Madontho akuluakulu amamwa mphamvu yake, ina n'kuimwaza. Mwina mwaonapo chithunzi chikuyamba kuthyokathyoka pabwalo pasanagwe ndi dontho lomwe. Ndiye kuti mtambo wodzaza madzi wadutsa pakati pa dishi ndi setilaiti. Mtambowo ukapita, chithunzi chimabwerera chokha popanda wochikhudza.

Koma ngati kamvula kowaza chabe kakukuzimitsirani kanema pomwe kwa aneba akuonera, pamenepo vuto lilipodi. Kawirikawiri dishi inachunidwa mongoyerekeza, moti ikulandira siginolo yongokwanira kunja kukayera. Nthawi zina ndi madzi alowa polumikizira waya ku LNB. Mukamasula mumapeza kawaya kamkuwa kam'kati kachita dzimbiri lobiriwira, chifukwa womanga sanakulungepo tepi. Kapulasitiki kakumaso kwa LNB nakonso kamang'ambika ndi dzuwa la mu Okutobala n'kumalowetsa madzi.

Mayi ena anandiitana atasintha kale dikoda, ndalama zawo zitapita. Nditakwera ndinapeza kuti mtengo wa mango umene anabzala pafupi ndi khonde wakula, ndipo nthambi imodzi ikanyowa inkawerama n'kutchinga njira ya siginolo. Iwo anati, "Koma amisiri, dishitu siinayang'ane mtengowo." Anali ndi chifukwa chonenera choncho, pakuti madishi athu ambiri amalandira kuchokera m'mwamba kuposa mmene nkhope yake imaonekera. Tinadula nthambiyo ndi chikwanje, ndinamanganso tepi polumikizira, ndipo dikoda yakale ija, imene anaiika kale m'katoni, titaiyesa inagwira ntchito bwinobwino.