Dzina lanu la pa intaneti linalembedwa m'dzina la yani?

Mayi ena amene ali ndi malo ogona alendo cha ku Likhubula anandiimbira foni m'mamawa kwambiri, mawu akunjenjemera. Alendo okwera phiri anali atasiya kuwalembera, ndipo mlendo wina atafika anawauza kuti tsamba lawo la pa intaneti likuonetsa malonda a mankhwala m'chiyankhulo chachilendo. "Achimwene, andibera," anatero mayiwo.

Nditafufuza ndinapeza kuti panalibe wakuba wothyola chitseko. Dzina la tsambalo, lomwe linkathera ndi .com, linali litatha nthawi yake, palibe amene analilipirira, ndipo munthu wina wakunja analitenga mwalamulo. Mnyamata amene anawapangira tsambalo zaka zinayi zapitazo analembetsa dzinalo m'dzina lake ndi imelo yake, kenaka anapita ku Joni. Makalata onse okumbutsa za malipiro ankapita kwa iye. Mayiwo anali ndi chikwangwani pamsewu, timapepala tamalonda, ngakhale malaya a antchito olembedwa dzinalo, koma m'kaundula munalibe paliponse pamene panalembedwa kuti ndi lawo.

Ndagwira ntchito yokonza masamba ndi maimelo a mabizinesi ang'onoang'ono pakati pa Thyolo, Luchenza ndi Mulanje kwa zaka zingapo, ndipo vuto ili ndakumana nalo kambiri kuposa vuto la kompyuta yolowa kachilombo. Inenso poyamba ndinkachita zomwezo. Kasitomala akandiuza kuti "ingopangani zonse, ife sitidziwa", ndinkalemba dzina langa pofuna kufulumira. Ndinasiya nditazindikira kuti tsiku limene ndingadwale kapena kumwalira, bizinesi za anthu zidzapita nane.

Tiyambe ndi kufotokoza kuti dzina la pa intaneti n'chiyani. Kompyuta iliyonse yosunga tsamba la pa intaneti ili ndi nambala yake, monga foni. Nambalazo n'zovuta kuloweza, choncho mu 1983 katswiri wina wa ku America, Paul Mockapetris, anakonza njira yotchedwa DNS, imene imagwirizanitsa dzina ndi nambala. Mukalemba must.ac.mw, foni yanu imafunsa kuti dzina limeneli nambala yake ndi iti, imayankhidwa m'kanthawi kosakwana sekondi, n'kukufikitsani pa tsamba la yunivesite ya MUST, ija ya ku Ndata m'boma la Thyolo. Dzina lotereli ndi limene akatswiri amati domain.

Dzinali limawerengedwa kuyambira kumanja, ndipo apa m'pamene ndimafuna aliyense agwire. Zilembo zomaliza, mw, zikutanthauza Malawi. Zapakati, ac, zikutanthauza sukulu ya maphunziro apamwamba. Kumanzere ndiye kuli mwini wake, MUST. Zili ngati kunena dziko, boma, kenaka mudzi. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri: mukaoloka pa Muloza kupita ku Milange mwalowa m'dera la .mz, Zambia ndi .zm, Tanzania ndi .tz, South Africa ndi .za. Mndandanda wa zilembozi ndi wa mayiko onse, ndipo kaundula wamkulu wonena kuti woyang'anira zilembo za dziko lakuti ndi uje amasungidwa ndi ofesi yotchedwa IANA, imene ili pansi pa ICANN, bungwe loyang'anira maina a pa intaneti, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles.

Zilembo za .mw zinayamba kugwira ntchito mu 1997. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zaka zoyambirira zinali m'manja mwa kampani yolembetsedwa kunja kwa dziko lino. Nthawi imeneyo intaneti inali yachilendo kuno, ndipo zofananazo zinachitikira mayiko ena ang'onoang'ono: amene wayamba kupempha ndiye ankapatsidwa. Panadutsa zaka za kukambirana ndi kukokana, mpaka mu 2002 pamene udindowo unaperekedwa ku Malawi SDNP, pulogalamu imene inayamba ndi thandizo la UNDP ndipo inakhazikika ku Polytechnic mu Blantyre, komwe lero ndi MUBAS. Dr Paulos Nyirenda ndi amene dzina lawo lamveka kwa zaka zambiri pa ntchitoyi. Pambuyo pake kunabwera lamulo la 2016 lokhudza malonda a pa intaneti ndi chitetezo chake, limene linapatsa MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, mphamvu pa kayendetsedwe ka maina a .mw.

Mbiri imeneyi ndimaikonda chifukwa ndi nkhani ya mayi a ku Likhubula aja, kungoti yachitikira dziko lonse. Dzina linali lathu, koma m'kaundula munalembedwa wina, ndipo kulibweza kunatenga zaka zisanu. Zilembo ziwiri si zachibwana. Tuvalu, dziko la tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, limapeza ndalama zambiri chifukwa zilembo zake ndi .tv, zimene eni masamba a kanema amalipira kuti azigwiritse ntchito, ndipo Anguilla, kachilumba ka ku Caribbean, ikupindula chimodzimodzi ndi .ai.

Tsopano kulembetsa. Anthu amati "ndagula domain", koma zoona zake simugula, mumachita lendi. Mumalipira chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo nthawiyo ikatha muyenera kulipiranso. Mukachedwa pamakhala masiku achisomo, tsamba ndi maimelo zimaima, kenaka dzinalo limabwerera pamsika kuti aliyense alitenge. Mu nkhaniyi mumakhala anthu atatu. Woyamba ndi wosunga kaundula wa dziko lonse. Wachiwiri ndi kampani kapena katswiri amene akukuthandizani kulembetsa. Wachitatu ndi mwini dzina, amene pa fomu amamutcha registrant. Mzere umenewu ndi umene uyenera kukhala ndi dzina lanu kapena la bungwe lanu, nambala yanu ndi imelo imene inuyo mumatsegula. Katswiri ali ndi mzere wake, wa woyang'anira zaluso, ndipo apo alembedwe popanda vuto.

Taganizani za SIM kadi. Tonse tinaima pamzere ndi chiphaso cha unzika kukalembetsa manambala athu. Amene anatuma mnzake kuti amulembetsere anadzaona zovuta tsiku limene foni inatayika: ndalama zili mu Mpamba kapena Airtel Money, koma mwini nambala m'kaundula ndi wina. Galimoto nayonso, mungaiyendetse zaka khumi, koma mwini wake ndi amene ali pa bulu buku. Domain imayenda chimodzimodzi.

Mabungwe ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Makopaletivi a alimi a tiyi, magulu a alimi a nanazi, masukulu a mishoni, mipingo. Bungwe lothandiza likabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu limawapangira tsamba lokongola, wolembetsa n'kukhala wogwira ntchito wa pulojekitiyo. Pulojekiti ikatha, munthuyo amapita, komiti imasintha pa chisankho, ndipo palibe amene amadziwa kuti pali chinthu chofunika kulipira mwezi wakuti. Ine ndimauza makomiti kuti tsiku lotha domain lilembedwe m'buku la mlembi pamodzi ndi tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka, ndipo mawu achinsinsi olowera asungidwe ndi anthu awiri, monga momwe amachitira ndi osayinira ku banki. Imelo yolembetsera ikhale ya bungwe. Koma chenjerani: isakhale imelo yothera ndi domain yomweyo, chifukwa dzina likaima imeloyo imaimanso, ndipo chikumbutso sichingakufikeni.

Nanga musankhe .mw kapena .com? Funso ili limabwera nthawi zonse, ndipo sindibisa mbali imene ndili. Kwa zaka zambiri anthu akhala akudandaula kuti .mw ndi yokwera mtengo poyerekeza ndi .com, komanso kuti kulembetsa kwake kunkachedwa pamene .com umaipeza m'mphindi zochepa uli ndi khadi la ku banki. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo oyang'anira ayenera kulimva, chifukwa mnyamata wogulitsa uchi pa Bvumbwe amawerenga kwacha iliyonse. Komabe .com imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa momwe madola akhala akusowera komanso momwe kwacha inagwera mu 2023. Ndaonapo dzina likutha chifukwa khadi linakana kulipira kunja, ndalama zili mu akaunti. Pakabuka mkangano wa umwini, wa .mw mukhoza kukwera minibasi m'mawa, kukafika ku Blantyre ndi makalata anu a bizinesi n'kulankhula ndi munthu m'Chichewa. Wa .com mudzalemba makalata m'Chingerezi kwa kampani imene simudzaiona.

Palinso china. Wogula tiyi wa ku Ulaya akaona dzina lothera ndi .mw amadziwa kumene tiyiyo wachokera asanawerenge chilichonse. Kwa amene malonda ake ndi dera lenilenilo, phiri, tiyi, makademiya, zilembozo zimagwira ntchito ya chizindikiro. Amene ali ndi kuthekera atenge onse awiri, limodzi lizilozera ku linzake, kuti wina asatenge dzina lofanana n'kumasokoneza makasitomala.

Ngakhale mulibe bizinesi, kuwerenga dzina kuchokera kumanja kungakupulumutseni. Pa WhatsApp pamayenda mauthenga a ntchito za boma, ngongole za ophunzira, mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite. Yang'anani pothera dzinalo, pasanafike kamzere kopendekera (/) koyamba, osawerengera tiwiri totsatira https:. Maina othera ndi .gov.mw ndi a boma, .ac.mw ndi a masukulu apamwamba, ndipo mabungwe monga MRA ndi Reserve Bank ali pa mra.mw ndi rbm.mw. Wakuba amatha kulemba mawu oti Malawi, gov kapena MUST kumayambiriro kwa dzina lake, koma kumapeto n'kukhala zilembo zina. Sindikunena kuti chilichonse chothera ndi .mw n'choyera, koma tsamba lodzitcha la boma lomwe likuthera kwina n'kumakupemphani ndalama yolembetsera, litsekeni.

Ngati muli kale ndi tsamba, funsani amene anakupangirani mafunso atatu sabata ino: dzinalo linalembedwa m'dzina la yani, likutha liti, ndipo zikumbutso zimapita ku imelo iti. Pemphani akuonetseni pa sikirini, osangoyankha pakamwa. Katswiri wachilungamo sakwiya nazo, ndipo kusintha mzere wa mwini n'kosavuta pamene nonse mukugwirizana.

Mayi a ku Likhubula sitinathe kuwabwezera dzina lakale, chifukwa amene analitenga ankafuna ndalama zoposa zimene malowo amapeza pa miyezi ingapo. Tinalembetsa latsopano lothera ndi .mw, m'dzina la bizinesi yawo, mwana wawo wamkazi n'kukhala wachiwiri wosunga mawu achinsinsi. Chikwangwani cha pamsewu anachipentanso, koma m'mabuku otsogolera alendo amene anasindikizidwa kale mukadali dzina lija.